Neti ya Loweruka: tikwere phiri la Dedza kapena tikhale pabwalo la mpira?

Lolemba madzulo

Aphunzitsi a ku Bembeke:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani imene tinaisiya m'malere mwezi wathawu. Tinagwirizana kuti mvula isanayambe tiyesere neti imodzi tili panja, osadalira magetsi a m'nyumba kapena foni, ndipo munasankha ine kuti nditsogolere. Tsiku lake ndi Loweruka likubwerali. Kwa amene mwalowa kumene pagululi: neti ndi msonkhano wa pa wailesi ya ham, wailesi yolankhulirana ya anthu wamba amene ali ndi layisensi. Tonse timatchuna malo amodzi pa nthawi imene tapangana, mmodzi n'kumaitana anzake, ndipo palibe amene amalankhula asanapatsidwe mpata.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi ichi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana atawononga Kapichira, mdima umene unatsatira tonse tikuukumbukira. Mu Malichi 2023 Freddy anasiya anthu ambiri a ku Mulanje ndi ku Phalombe osatha kuuza wina aliyense zimene zawagwera, misewu itaduka, mafoni ali zii. Ife kuno tili pamtunda, koma abale athu ali kunsi, ku Golomoti, ku Mtakataka, kuchigwa cha Bwanje, kumene madzi a m'mapiri athuwa amathamangira. Ndikufuna tsiku loterolo likadzafika, munthu wa kumeneko akadzaitana, padzapezeke womuyankha.

Zimene ndili nazo ndi wailesi ya Xiegu G90 ya 20 W, batire la 7 Ah limene ndinachotsa mu UPS yakale, waya wamagetsi mamita 45, ndi chingwe cha coax cha RG-58 mamita 15 cholumikizira wailesi ku eriyo. Ndikaime pati, ndipo chikusowa n'chiyani?

A Mbewe a pa Dedza boma:
Aphunzitsi, funso loyambalo lili ndi yankho kale. Phiri la Dedza ndi lotalika mamita 2,198 ndipo msewu wofika kumilongoti ulipo. Ukaima pamwamba paja kunja kukayera umaona kutali kwambiri. Ine ndibwera ndi wailesi yanga ya 100 W, tikwere tonse. Tidzamveka Malawi yense.

Wa kabaza wa ku Golomoti:
Katundu ndinyamula ine pa njinga yamoto, ulere. Ndili ndi kawailesi kam'manja ka Baofeng kanganso, ndinagula kwa mnzanga wina wochokera ku Joni. Ndidzalankhula nawo?

Madala a ku Linthipe:
Mwana wanga wa ku Golomoti, ndiyambe ndi iwe. Kumvera mvera mmene ungathere, koma batani la m'mbalilo usalipanikize mpaka utakhala ndi layisensi ya MACRA ndi chizindikiro chako chako choyamba ndi 7Q. Si kukuchingira, ndi lamulo, ndipo ukalakwitsa iwe mbiri yoipa imagwera tonse. Ntchito yoti ugwire Loweruka ilipo, ndikuuza.

Tsopano a Mbewe. Phiri ndi labwino, sindikukana, koma ndi labwino pa mafunde a 145 MHz, amene timawatchula mamita 2. Mawu a pa 145 MHz amayenda ngati kuwala kwa tochi: pamene pali poyera amafika, pamene pali thanthwe amaima. Ndiye ukakwera pamwamba umaonjezera mtunda, inde. Koma taganizirani munthu amene Aphunzitsi akumufunayo. Ali m'munsi mwenimweni mwa chitunda, mapiri amuphimba kumadzulo konse. Ameneyo tochi yanu imudutsa pamutu.

Mawu a pa mafunde a 7 MHz, amene timawatchula mamita 40, tingawatumize mwanjira ina. Mwaonapo mayi akupeta chimanga? Amachiponya m'mwamba, chimagweranso m'lichero momwemo ndi m'mbali mwake. Ifenso timaponya mawu molunjika kumwamba, amakagunda mpweya wa m'mlengalenga umene uli makilomita pafupifupi 300 pamwamba pathu, n'kugwa ngati mvula mbali zonse, pamtunda ndi m'zigwa momwe. Mvula sisankha kuti apa pali phiri. Anzathu amati NVIS. Ndipo chodabwitsa chake n'chakuti kuti zitero, eriyo iyenera kukhala yotsika. Ukaikweza kwambiri mawu amapendekera kutali, umveka ku Johannesburg pamene wa ku Mua sakukumva. Mamita 5 kufika 8 kuchokera pansi akwanira. Pa ntchito imeneyi bwalo la mpira la m'mudzi likuposa nsonga ya phiri, chifukwa pali malo otambasulira waya ndipo nthaka yake si miyala yokhayokha.

A Mbewe a pa Dedza boma:
Madala, za lichero ndamva, ndipo sindingatsutsane nanu pa mamita 40. Koma anthu athu ambiri alibe HF, wailesi yofika pa mamita 40 ngati ya Aphunzitsi. Ali ndi timawailesi tam'manja. Amenewo tiwataye?

Mayi Naphiri a ku Mtakataka:
Pamenepo a Mbewe anena zoona. Kuno amene ali ndi HF ndine ndekha. Koma kam'manja kanga sikanamvepo munthu wa ku Dedza boma ngakhale tsiku limodzi, ndikwere pachulu ndisakwere.

A Maseko a ku Tsangano:
Bwanji osachita zonse ziwiri? Aphunzitsi akhale pabwalo ndi HF, ndiwo atsogolere neti. A Mbewe akwere phiri ndi ya mamita 2, asonkhanitse am'manja onse amene angawamve, kenako apereke maina ndi mauthenga awo kwa Aphunzitsi. Bembeke ndi phiri la Dedza n'zoyandikana, kam'manja kakwana pakati pa awiriwo.

Aphunzitsi a ku Bembeke:
Izi zandikhalira bwino. A Mbewe, mukuvomera?

A Mbewe a pa Dedza boma:
Ndavomera, phirilo ndikwera ndekha ndi mphwanga. Koma ndisanagone ndinene za batire, chifukwa kumeneko ndiye kuntchito kwanga. Aphunzitsi, ka 7 Ah kanuko kasiyeni kunyumba.

Tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti wailesi ikamangomvera imadya 1 A, ikamalankhula pa 20 W imadya 6 A. Wotsogolera neti sali ngati ena amene amalankhula kamodzi n'kukhala chete. Iye amalankhula pafupifupi theka la nthawi yonse. Mukakhala maola awiri, kuphatikizapo kuyesa zida, ola limodzi lomvera ndi 1 Ah, ola lolankhula ndi 6 Ah, zonse 7 Ah. Mukuona ngati zakwana ndendende, koma batire la mtovu sitilikama mpaka pansi. Ukamapitirira theka umalipha msanga. Ndiye pa 7 Ah yolembedwayo zanu ndi 3.5 basi, ndipo ndi lakale, mwina silifikanso pamenepo. N'zoona kuti pa SSB, njira imene timatumizira mawu pa HF, wailesi imakoka mphamvu pokhapokha mawu akutuluka, ndiye chenicheni chimakhala chocheperapo, koma ine ndimawerengera tsiku loipa. Chinanso, mawailesiwa anawapangira 13.8 V. Batire laling'ono likayamba kugwada mawu anu amayamba kunjenjemera ngati munthu wa malungo, ndipo inu simudziwa, akumva ndi anzanu.

Ndikubwerekani la 20 Ah la sola, lolemera pang'ono koma wa kabaza alipo. La galimoto musatenge, linapangidwira kuliza injini kamodzi, osati kukamidwa pang'onopang'ono. Ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi batire penipeni, osati kufupi ndi wailesi. Ndinaonapo waya wopanda fyuzi atakhudzana, mphira wake unasungunuka ndikuona, utsi kuti tolo, pa udzu wouma wa mu Okutobala. Tinazimitsa ndi nthambi.

Madala a ku Linthipe:
Zimenezo ndiye nzeru, a Mbewe. Ndiwonjezere kuti 100 W ija musaidandaule. Kuchoka pa 25 W kufika pa 100 W ndi kanayi, koma kwa womvera singano imangosuntha malo amodzi pa S-meter, mita yoonetsa mphamvu ya mawu olandiridwa. Pamene batire likukokedwa kufika 20 A. Pamalo opanda magetsi malonda amenewo ndi oluza.

Lachiwiri

Aphunzitsi a ku Bembeke:
Madala, ndili ndi waya ndi tepi m'manja. Ndidule bwanji?

Madala a ku Linthipe:
Tengani 143 mugawe ndi malo amene mukufuna kulankhulira. Pa 7.1 MHz zikupereka mamita 20 ndi kanthu pang'ono, ndiye mwendo uliwonse mamita 10. Koma dulani 10 ndi theka. Waya wotalika umapinda kumapeto n'kumanga, waufupi umakusowetsa mtendere. Waya wokutidwa ndi pulasitiki ngati wanuwo umafuna kufupikirapo pang'ono kuposa wosakutidwa, mudzaona nokha pa SWR, nambala yoonetsa ngati eriyo yagwirizana ndi wailesi. Ikatsika pansi pa 2 musavutikenso, G90 ili ndi tuner m'kati imaliza yokha.

Pakati dulani kapaipi ka PVC, boolani mabowo, mwendo umodzi ku waya wapakati wa coax, winawo ku ukonde wakunja. Pansi pake pomwepo kulungani coax yomweyo maulendo 8 kapena 10 mozungulira botolo kapena paipi yaikulu, kuti mphamvu isabwerere kudzera kunja kwa chingwe n'kudzakuotchani milomo pa mayikolofoni. Mlongoti ndi nsungwi youma ya mamita 6. Kumapeto konse mangani chingwe cha nayiloni, ndipo nsonga za waya zikhale pamwamba poti mwana ngakhale atakweza dzanja asafike. Kumapetoko ndiko kumaluma, ngakhale pa 20 W.

Waya wotsalawo musataye. Mudule zidutswa ziwiri za mamita 9 ndi theka, zoti muzilumikiza kumapeto tikafuna mafunde a mamita 80. Masana mamita 80 amamezedwa m'mlengalenga, koma dzuwa likalowa 40 imayamba kutidumpha, ndiye 80 ndiyo imagwira apafupi. Loweruka lino sitiifuna, koma chigumula chimakonda usiku.

Chomaliza, yang'anani kumwamba musanadzutse nsungwi. Ngati pali mawaya amagetsi pafupi, ngakhale oti mukuona ngati simungafikeko, samukani.

Nangozo wa ku Lizulu:
Pepani ndalowa mochedwa, ndinali kudimba. Ine layisensi ndinatenga chaka chatha koma neti sindinalowepo. Ndili ndi mafunso awiri. Loyamba: amayi anzanga apamsika atamva anati ndiye bwino, tizidzauzana mtengo wa kachewere ndi kabichi ku Lilongwe tisanakweze matumba. Zimenezo n'zololedwa? Lachiwiri: kunyumba kwanga kuli phokoso kwambiri pa wailesi, koma tsidya la msewu kwa achimwene anga kuli chete. Ndingakaimike kumeneko?

A Maseko a ku Tsangano:
Achemwali, zonse ziwiri ayi. Wailesi ya ham si ya malonda, mitengo ya kachewere ipite pa foni. Nyimbo sitiika, ndipo mawu obisa oti ena asamve tanthauzo sitigwiritsa ntchito. Za tsidya la msewu, inu mukudziwa kuposa ine kuti pa Lizulu M1 ndiye malire. Mukangowoloka muli ku Mozambique, kumene zizindikiro zimayamba ndi C9, ndipo pepala lanu la MACRA silikuwolokani nanu. Ifenso kuno ku Tsangano timakhala nazo zomwezo, dimba kuno, mbale uko.

Nangozo wa ku Lizulu:
Ndamva, zikomo achimwene. Nanga phokosolo?

A Mbewe a pa Dedza boma:
Muli ndi inverter kapena mababu a LED otsika mtengo aja? Zimitsani chilichonse m'nyumba, wailesi ikhale pa batire lokha, kenako muziyatsa chimodzichimodzi. Wolakwa adziulula yekha. Kawirikawiri ndi inverter kapena tchaja ya foni.

Nangozo wa ku Lizulu:
Ndi tchaja! Ndangoizula pakhoma, wailesi yati phee. Miyezi yonseyi ndimaganiza kuti wailesi ndi yowonongeka.

Lachitatu

Mayi Naphiri a ku Mtakataka:
Za zida mwakambirana bwino, koma ine nkhawa yanga ili pa kayendetsedwe. Ndinamverapo maneti ena, amphamvu amayamba kulonjerana, kufunsana za ana ndi za mvula, wofooka akuitana pansi pawo osamveka, mpaka batire lake kutha. Ine eriyo yanga ili pa mtengo wa mango ndipo ndimatulutsa 5 W. Mukayamba ndi a Lilongwe, ine mudzandipeza nditatopa. Ndikupempha kuti a kuchigwa tiziitanidwa poyamba.

Aphunzitsi a ku Bembeke:
Mayi, neti yonseyi tikuichitira inu, ndiye pempho lanu ladutsa. Ndalemba pa katoni mmene ndidzayendetsere, mundikonze. Ndidzayamba ndi kumvera kaye, kenako kufunsa kawiri ngati malowo ali ndi eni ake. Kukakhala chete, ndidzatchula chizindikiro changa, malo amene ndili, ndi kunena kuti iyi ndi neti yoyeserera. Ndidzafunsa ngati pali wina ali ndi uthenga wangozi weniweni, n'kudikira. Kenako a kuchigwa, Mtakataka, Golomoti, Sharpevale, Bwanje. Akatha amenewo a Ntcheu a kumtunda, kenako a Dedza, kenako a Mbewe ndi am'manja awo, pomaliza aliyense wakutali amene watimva. Ulendo woyamba munthu azingotchula chizindikiro, malo, ndi mmene akundimvera. Nkhani zibwere ulendo wachiwiri.

Madala a ku Linthipe:
Mwakhoza. Ndiikepo zinthu zimene munthu amaphunzira atapsa nazo. Mukamaliza kulankhula, werengani mumtima kufika 3 musanaitane wina. M'kampata kameneko ndi mmene wofooka amalowera. Ndipo mukamaliza chigawo chilichonse funsani kuti, alipo amene wamva munthu amene ine sindinamumve? Pa HF zimachitika kuti woyandikana naye sakumva koma wa kutali akumumva bwinobwino.

Pakhale wachiwiri wanu. A Maseko, mukhale inu. Aphunzitsi akangoti zii kwa mphindi 3, musafunse, tengani neti mupitirize.

Malo: 7.120 MHz pa LSB, mtundu wa SSB umene timagwiritsa ntchito pa mamita 40. Akakhala kuti pali anthu kale, tonse tipite 7.140 popanda kuuzana. Pa 7.110 tisachitirepo zoyeserera, chifukwa m'chigawo chathu cha Region 1 amenewo ndi malo okumanirana pakagwa ngozi yeniyeni, chimodzimodzi 3.760 pa mamita 80. Muwalembe pachivundikiro cha wailesi. A Mbewe muitanire pa 145.500 koma mukapezana musunthire pambali, pamenepo ndi pakhomo, sakhalirapo.

Wa kabaza wa ku Golomoti:
Madala munati ntchito yanga ilipo.

Madala a ku Linthipe:
Kope ndi pensulo. Wotsogolera sangagwire mayikolofoni, kutchuna, ndi kulemba nthawi imodzi. Iwe ukhale pambali pa Aphunzitsi, uzilemba nthawi, chizindikiro, malo, ndi manambala awiri amene aliyense atchule. Loyamba limanena mmene mawu akumvekera, kuyambira 1 kufika 5. Lachiwiri mphamvu yake, 1 kufika 9. Nthawi ulembe ya UTC, ya dziko lonse, ndiye kuti pa wotchi yathu uchotsepo maola awiri. Pofika Loweruka uloweze Alfa, Bravo, Charlie mpaka Zulu, mawu otchulira zilembo pa wailesi. Ukachita zimenezi maneti atatu, mayeso a layisensi sadzakuopsa.

A Maseko a ku Tsangano:
Pamenepo pa Alfa Bravo ndili ndi mawu. Ine ndimaona kuti tikamalankhula tokhatokha tizingolankhula Chichewa chathu basi. Mawu achidule a pa wailesi ngati QTH, QRM, QSB, onsewa amangothawitsa atsopano.

Mayi Naphiri a ku Mtakataka:
Uthenga ukhale m'Chichewa, ndikugwirizana nanu. Tsiku la madzi ine sindidzafunafuna Chingerezi. Koma chizindikiro ndi maina a malo ovuta tizitchula ndi Alfa Bravo. M'phokoso B ndi D ndi P zimamveka chimodzi. Ndipo manambala tizitchula limodzilimodzi, wolandira abwereze. Kuntchito kwathu kusiyana kwa anthu 15 ndi 50 ndi kusiyana kwa galimoto imodzi ndi lole.

A Maseko a ku Tsangano:
Pa manambala mwandigonjetsa, mayi. Koma ma Q aja tichepetse.

Nangozo wa ku Lizulu:
Nthawi bwanji? M'mawa Loweruka ine ndimakhala pamsika.

Aphunzitsi a ku Bembeke:
3 koloko masana, 13:00 UTC.

Madala a ku Linthipe:
Masana a nyengo ino ndi a chizimalupsa, ndiye mverani. Mukamva bingu, ngakhale lakutali, tsekani neti, zulani coax ku wailesi, iponyeni patali, inu muchoke pafupi ndi mlongoti ndi mitengo. A Mbewe makamaka inu, mtambo ukada musadikire kutsanzika, tsikani. Wailesi imakuchenjezani maso asanaone: mukayamba kumva thethethe pafupipafupi, mvula ya mphenzi ili m'njira.

Ndipo Aphunzitsi, mwakaonana ndi amfumu?

Aphunzitsi a ku Bembeke:
Ndimati ndi bwalo la mpira chabe, ndipo anthu akundidziwa.

Madala a ku Linthipe:
Akukudziwani ndi choko m'manja, osati ndi mawaya m'mwamba mukulankhula ndi anthu osaoneka. Kumbukirani mphekesera za anamapopa mu 2017 kumwera kuja, anthu osalakwa anataya miyoyo chifukwa chokayikiridwa. Safunsa anadya phula. Pitani kwa amfumu mawa, muwafotokozere, muwaitane adzaone. Mudutsenso kupolisi yapafupi muwadziwitse, ndipo pepala la layisensi likhale m'thumba. A Mbewe, phirilo ndi nkhalango yotetezedwa, kauzeni a zankhalango.

Aphunzitsi a ku Bembeke:
Ndipita mawa ndikaweruka.

Loweruka usiku

Aphunzitsi a ku Bembeke:
Tafika bwino kunyumba, tanyowa pang'ono. Ndifotokoze zidakali m'mutu.

Tinafika pabwalo 1 koloko. Amfumu anabwera okha ndi mpando wawo, ndipo ndi iwo amene anauza anyamata awiri kuti atithandize kukumba kadzenje ka nsungwi. Nsonga imodzi ya waya tinamanga pa mtengo wa bulugama, inayo pa nsanamira ya golo titaonjezera kansungwi kena. Nditayesa koyamba SWR inali pamwamba zedi, ndipo sinkasuntha ngakhale ndipinde waya chotani. Thukuta linandituluka. Mnyamata wathu wa ku Golomoti ndi amene anati tigwedeze pulagi ya coax, ndipo titagwedeza nambala inadumpha. Ukonde wakunja unali utathothoka m'kati mwa pulagi. Tinasenda ndi mpeni, kupota, kumanga ndi tepi, SWR n'kutsika kufika 1.4 titapinda mwendo uliwonse pafupifupi chikhatho ndi theka. Tikanafika 2 koloko ndi theka neti ikanalephereka.

Chachiwiri, ndinatenga sola yanga yaing'ono kuti izithandiza batire. Nditangoilumikiza wailesi inadzaza phokoso ngati chigayo. Kunali kabokosi kowongolera sola kaja. Ndinaichotsa, kunja kunati phee, ndipo chete wa pabwalo paja sindinamumvepo kunyumba. Batire la a Mbewe linayamba pa 12.7 V, pomaliza linali pa 12.3.

Tinalemba masiteshoni 9 pa HF ndi 5 kudzera kuphiri. A Maseko ndi Nangozo ankamveka ngati ali pambali panga. Koma Mayi Naphiri nditawaitana katatu ndinangomva kanthu kakang'ono pansi pa phokoso, osadziwa ngati ndi munthu. Mtima unandiwawa, chifukwa ndi iwo amene tinabwerera. Ndinakumbukira mawu a Madala, ndinafunsa ngati wina wawamva, ndipo a Maseko anayankha kuti akuwamva 4 ndi 3. Uthenga wawo woyeserera unachoka ku Mtakataka, kukazungulira ku Tsangano, n'kufika ku Bembeke wathunthu, manambala onse olondola. Amfumu atamva dzina la Mtakataka anaimirira, anati ali ndi mlongo wawo kumeneko, ndipo anafunsa ngati zimenezi zingathekenso usiku mvula ikugwa.

Ulendo wachiwiri sitinaumalize. Itakwana 3:50 thethethe uja anayamba, kenako bingu chakumadzulo. Ndinatseka, tinazula.

Wa kabaza wa ku Golomoti:
Kope lili ndi ine, masamba awiri. Zizindikiro ziwiri ndinaphonya chifukwa anthu awiri analankhulira pamodzi, ndasiya mpata. Koma Aphunzitsi, kuwerenga kufika 3 kuja munaiwala kangapo, makamaka chakumapeto. Ndinakukodolani kawiri.

Aphunzitsi a ku Bembeke:
N'zoona, ndinkathamangira mtambo. Ndilemba 3 wamkulu pa katoni paja.

A Mbewe a pa Dedza boma:
Kuphiri zinali motere. Titafika pafupi ndi milongoti ndinayatsa kam'manja, osamva kanthu, ngakhale Aphunzitsi amene ali pafupi. Ndinaganiza kuti palibe amene wabwera. Kenako ndinazindikira kuti mphamvu ya milongoti ija ikukagonthetsa, timawailesi totsika mtengoti tilibe sefa yabwino. Tinatsika pang'ono, n'kukhala kuseri kwa thanthwe loyang'ana kum'mawa, eriyo titaimangirira pa ndodo, ndiye anthu anayamba kutuluka. Wa ku Linthipe, awiri a m'tauni, wina wa ku Lilongwe, ndi wina amene anati ali pamsewu wa ku Salima. Koma wa m'munsi mwa chitunda palibe ngakhale mmodzi. Madala, tochi ija inawadutsadi pamutu.

Mphepo inali yoopsa, mphwanga ankachita kutchinga mayikolofoni ndi chipewa. Ulendo wina nditenga jekete, Okutobala wa pansi si wa pamwamba paja.

Mayi Naphiri a ku Mtakataka:
Aphunzitsi, ine ndinkakumvani bwino, 5 ndi 7, kuyambira moni mpaka kutseka. Munanditchula katatu ndikuyankha, inu osandimva, ndinatsala pang'ono kulira. A Maseko atanena kuti andimva ndinakhala pansi. Zikomo achimwene. Koma sindikufuna kuti tsiku lenileni ndidzadalire mwayi woti wina ali pa wailesi ku Tsangano. Vuto lili kwa ine. Ndichite chiyani?

Madala a ku Linthipe:
Mayi, kuchoka pa 20 W ya Aphunzitsi kufika pa 5 W yanu ndi malo amodzi okha pa singano. Inu mumawamva 7, iwo akanayenera kukumvani cha m'ma 6, ndipo pabwalo paja panali chete. Ndiye mphamvu yanu ikutayika isanachoke pakhomo. Tandiuzani, eriyo ya pa mango ija inaima bwanji?

Mayi Naphiri a ku Mtakataka:
Ndi waya umodzi, wachoka pawindo n'kukwera chilili mpaka nthambi ya pamwamba. Wakhudza masamba malo angapo. Coax ndi ija ndinapatsidwa kalekale, inagwidwapo ndi mvula zaka ziwiri.

Madala a ku Linthipe:
Ndi pamenepo. Waya woima chilili amaponya mawu cham'mbali, kumwamba kwenikweni amaponyako pang'ono, ndiye akukagunda chitunda chomwecho. Mukufunika wogona ngati wa Aphunzitsi, miyendo iwiri, osakhudza masamba. Coax imene yamwa madzi imadyanso mphamvu mwakachetechete, mukasenda kumapeto mukapeza ukonde wada kapena wabiriwira, dulani mpaka pamene pali powala. Muli ndi malo a mamita 20 pakhomo?

Mayi Naphiri a ku Mtakataka:
Kuchoka pa mango kufika pa nkhokwe ndi masitepe 26 anga. Ndikuganiza kuti akwana.

Nangozo wa ku Lizulu:
Ine ndili ndi waya wotsala, mamita oposa 20. Wina adutse atenge, ndimakhala pamsika tsiku lonse Lachitatu.

A Mbewe a pa Dedza boma:
Mapulagi awiri atsopano ndi mita ya SWR zichokera kwa ine. Ndizisiya kwa Aphunzitsi Lachiwiri madzulo, ndidzatengeretu batire langa ndikalitchaje.

Aphunzitsi a ku Bembeke:
Ndiye neti yachiwiri ikhale Loweruka la sabata ya mawa, koma 6 koloko madzulo, tiyese funso la amfumu lija. Tiyambire pa 40, ikatidumpha titsikire pa 3.700. Amene mulibe zidutswa za mamita 80 mudule sabata ino. A Maseko, ulendo uno mutsogolere ndinu, ine ndikhale wachiwiri, kuti tisamadalire pakamwa pamodzi.

A Maseko a ku Tsangano:
Ndalandira. Munditumizire chithunzi cha katoni ija.

Wa kabaza wa ku Golomoti:
Lachitatu ndiyamba ku Bembeke kutenga mita ndi mapulagi, ndidutse pa Lizulu kwa achemwali, kenako ndibwerere pa Masasa nditsike Khwekhwerere. Mayi Naphiri, ndifika cha m'ma 2 koloko. Nsungwi ya mamita 6 pa njinga m'makona aja sindingathe, mupezeretu konko, youma.